Duwa Losadya Dothi

Ndinkalithirira pang'onopang'ono ndi tambula ya tiyi yobenthuka kukamwa. Madzi ankayamba aima pamwamba pa dothi lakudalo, kenaka n'kumira monyinyirika. Akamira ndinkathiranso ena. Amayi anati lizimwa m'mawa uliwonse, ndipo ine chibadwire sindinakanepo ntchito ya amayi.

Duwalo linali okidi woyera, maluwa ake ngati agulugufe atatera pa kanthambi kopindika. Linabwera ndi Lalla Zhor tsiku lomwe anadzandifunsira ukwati m'malo mwa mwana wawo, a Mounir, amene ali ndi sitolo ya mankhwala ku Rabat. Anabweretsa shuga woumba uja wokuta m'pepala monga mwa mwambo, keke, ndi duwali. Potsanzikana anandigwira chibwano.

"Yankho tidzamva mwezi ukaoneka," anatero. "Ndidzaone mmene lidzakhalire m'manja mwako, mwana wanga. Dzanja la mkazi limadziwika ndi zomera."

Kuno ku Kenitra palibe amene sadziwa kuti Lalla Zhor anasiyapo mtsikana wina atapeza timbewu tonunkhira ta pakhomo pake, tothira mu tiyi, titauma.

Alendo atangotuluka, amayi anasuzumira mumphika wa duwalo n'kugwira pakamwa. Munalibe dothi. Munali timakungwa tokhatokha, mizu ina itachita kutulukira kunja.

"Anthu a m'masitolo alibe manyazi," anatero. "Kumugulitsa mayi wolemekezeka duwa lobzala mu zinyalala za nkhuni! Ayi, pakhomo panga silifa ndi njala."

Anakhuthula timakungwato, n'kulibzala mu dothi la kumunda kwa amalume, lakuda lija limamata kuphazi, n'kutsindira ndi zala. Matsalira a tiyi wa shuga ankathiranso momwemo, monga amachitira ndi maluwa awo a padenga.

Ine ndinali pomwepo, mbale zili m'manja. Ndinkadziwa kuti okidi sadya dothi. Anandiuza ndi Badr. Koma sindinatsegule pakamwa.

* * *

Badr ndi mwana wa anthu ogulitsa mbande za maluwa ku Sidi Taibi, m'mbali mwa msewu wopita ku Rabat. Tinaphunzira limodzi kusekondale, iye kumbuyo ndi zikhadabo zake zakuda, ine kutsogolo ndi mutu wanga wowerama. Tinayamba kulankhulana titamaliza sukulu, makamaka pa foni, chifukwa maso ndi maso mawu ankandithawa.

Chaka chathunthu ankandipempha chinthu chimodzi. "Ungowatchulira dzina langa amayi ako, Siham. Zotsalazo amayi anga adzamaliza."

Ine ndinkati mawa. Ndinkaopa nkhope ya bambo akamva za mkamwini wogulitsa maluwa pamsewu. Mawa wangayo asanafike, anafika Lalla Zhor.

Badr sindinamuuze. Ndinadziuza kuti palibe chomuuzira. Duwa liwola, Lalla Zhor akwinya mphuno, nkhani ithera pomwepo popanda ine kunena kanthu. Ndiye ndinkathirira mokhulupirika, ndipo tsamba la m'munsi litayamba chikasu ndinagona tulo tabwino.

* * *

Amene anandisokoneza ndi Ikram, msuweni wanga, mwana wa amalume. Ikram akalowa m'nyumba mumamva zibangili kaye, mwini wake pambuyo. Ndi iye yekha ankadziwa za Badr, chifukwa tsiku lina anandilanda foni ili yotsegula. Kuyambira pamenepo anayamba kukonda maluwa mwadzidzidzi.

"Mkwatibwi, duwa lako ladwala," anatero akudina tsamba ndi chikhadabo chofiira. "Taona, lafewa ngati tsabola wophika. Azakhali! Tabwerani mudzaone zomwe akuchita mwana wanuyu!"

Amayi anabwera akupukuta manja. Maluwa awiri anali atagwera pansi.

"Mulungu wanga! Ndalipatsa dothi labwino, ndalipatsa tiyi, likufunanso chiyani? Siham, dzanja lakoli ndi lotentha eti? Ukufuna undichititse manyazi pamaso pa Lalla Zhor?"

"Musade nkhawa, azakhali, ine ndikudziwa dokotala wake," anatero Ikram. Ankalankhula ndi amayi koma maso ali pa ine. "Ali ku Sidi Taibi. Tipite lero lomwe."

"Mwina lidzuka lokha," ndinatero chapansipansi.

"Wati chiyani?" anafunsa amayi.

"Palibe."

"Ndiye vala mpango, nyamula mphikawo."

* * *

Ine ndi Ikram tinamupeza Badr akukoka paipi ya madzi pakati pa mizere ya timitengo ta mandimu. Atandiona nkhope yake yonse inaseka. Kenaka anaona chomwe ndinanyamula.

"Ndani wachita zimenezi?"

Analandira mphikawo n'kuwugubuduza pa tebulo lamatabwa. Dothi linatuluka lonse pamodzi ngati njerwa yaiwisi, likununkha ngati ngalande. Ataligumula, mizu inali yakuda, yoterera, ina itangotsala ulusi.

"Ulisamale bwino, Badr, limenelo si duwa wamba," anatero Ikram atatsamira mzati. "Ndi mayeso a ukwati. Likafa, mnzathuyu walephera."

Manja a Badr anaima.

"Ukwati wa ndani?"

"Ha! Sanakuuze? Siham, iwenso! A Mounir a ku Rabat. Munthu wa galimoto yonunkhira, manja ofewa ngati mtanda wa buledi. Shuga analandira kale, ali m'kabati." Anaseka, n'kukonza mpango wake. "Amayi ako ali mkatimu, Badr? Ndikawapatse moni, anandilonjeza mbewu ya maluwa a jasimini."

Anapita ngati wolowa kwawo. Tinatsala awiri, magalimoto akudutsa kuseri kwa mpanda.

Badr anatenga sizasi, n'kuyamba kudula mizu yowolayo umodziumodzi. Sankandiyang'ana.

"Iwe umadziwa," anatero. "Ndinakuuza pa tebulo lomweli. Ndinati kuthengo limangokangamira pa mtengo, mizu ili pamphepo. Unaseka, unati ndi duwa lodzikonda."

"Anabzala ndi amayi."

"Nanga ankathirira ndani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Ndiye unati life, likukanire."

"Ndimachitira ifeyo, Badr."

"Ifeyo?" Anaseka kuseka komwe sindinkakudziwa. "Ukufuna ndidzakutenge chifukwa mayi wina wakukwinyira mphuno? Ndidzatole zomwe a ku Rabat asiya m'mbale? Ine ndinakupempha liwu limodzi. Chaka chonse, liwu limodzi. Ntchito imeneyo wapatsa duwa."

"Sukuwadziwa bambo anga."

"Ndingawadziwe bwanji? Sakudziwa n'komwe kuti ndili ndi moyo."

Mawu ndinali nawo ambiri, koma onse anapanikizana pakhomo, ndipo anatuluka ndi ochepa okha.

"Lisiye life. Chonde."

"Pano sitipha maluwa."

Anatsala ndi mizu itatu yokha yamoyo. Anakoka matumba omwe anali pansi pa tebulo, n'kumasula loyamba. Munali ndere zouma, zofewa ngati thonje. Anazifinya m'dzanja, n'kundiyang'ana koyamba chimvereni dzina la a Mounir.

"Duwa la mizu yochepa chonchi ndikanaliika mu izi, zimasunga chinyezi. Koma ndere ndi za anthu oiwala kuthirira. Iwe suiwala."

Anazikankhira kumbali. Thumba lachiwiri linali la makoko a kokonati. Analinyamula, n'kulibweza pansi. Lachitatu linali la makungwa opepuka a mitengo ya m'nkhalango ya Maamora, aja amapangira zotsekera mabotolo. Anasankha zidutswa zikuluzikulu zokhazokha, zazing'ono akuziponya pansi. Anasakaniza ndi makala pang'ono. Kenaka anatenga mphika wapulasitiki woonekera mkati, n'kuwubowola m'mbali ndi msomali wotentha, mabowo ambiri kuposa omwe unali nawo kale.

"Awa samwa madzi," anatero akulowetsa makungwawo pakati pa mizu. "Uthire ndowa yonse ngati ukufuna, adutsa. Silimira. Akabwera apongozi akowo adzalipeza lamoyo."

"Ukundipereka kwa iye."

"Ndikukubwezera duwa lako. Chokana nacho uli nacho, chili pansi pa mphuno yakoyo."

Ikram anatulukira atanyamula kamphika ka jasimini, akutafuna buledi wotentha.

"Mwatha, achipatala? Badr, amayi ako akuti ndidzabwere Loweruka ndidzawathandize kukanda mtanda. Akuti manja anga ndi amphamvu."

"Ubwere," anatero Badr. Anandipatsa mphikawo, zala zathu osakhudzana.

* * *

Amayi atangoona makungwawo anafuna kulira.

"Mwapita ulendo wonsewu kukabweretsanso zinyalala?"

"Ndi mmene amachitira ku Ulaya, azakhali," anatero Ikram, ndipo nkhani inatha. Amayi anabisa pulasitikiyo mumphika wokongola wa ku Safi, n'kuliika pazenera la pabalaza.

Madzulo ake ndinamulembera Badr. Pa foni ndimakhala wolimba mtima.

"Ndikhululukire. Ndinkafuna ndikuuze zitatha."

Anayankha patapita nthawi. "Uliike pomwe dzuwa la m'mawa limafika. La masana limawotcha masamba."

"Badr, ndikunena za ife."

"Ukaona mizu yatuwa ndiye uthirire. Ikakhala yobiriwira ulisiye."

"Ndimakukonda. Ukudziwa."

Ndinaona kuti wawerenga. Ndinaona kuti akulemba, kenaka wasiya, kenaka akulembanso.

"Tiyi musamathiremo."

M'mawa mwake ndinatenga jagi yodzadza, n'kuikhuthulira yonse mumphikamo ndi mkwiyo. Madzi anadutsa ngati mu sefa, n'kusefukira pa matailosi. Ndinagwada ndi chiguduli kupukuta. Tsiku lotsatira ndinayesanso, n'kupukutanso. Amayi ankandiyamikira kwa aneba kuti mwana wawo wayamba kusamala m'nyumba.

Loweruka Ikram anaika chithunzi chake pa foni. Anali atakwinya manja a malaya, ufa mpaka m'zigongono, amayi ake a Badr atamukoleka dzanja paphewa. Kumbuyo kwawo kunkaoneka msana wa munthu wovala malaya omwe ndinamusankhira ndine pa chikondwerero cha Idi.

Mwezi usanaoneke, amayi anaimba nthungululu pabalaza. Ndinathamangirako. Anali atatulutsa pulasitiki ija, akuloza ndi chala. Pakati pa makungwa panali kansonga ka muzu watsopano, konenepa, kobiriwira, konyezimira ngati kopakidwa mafuta.

"Dzanja la mwana wanga!" anatero amayi akundipsompsona pachipumi. "Ndinkadziwa ine."

Sindinadanepo ndi chinthu chamoyo ngati mmene ndinadanira ndi kamuzu kameneko.

* * *

Anabwera Lamlungu, itatha swala, pemphero la masana. Pabalaza panadzadza: Lalla Zhor ndi amuna awo, a Mounir, bambo, amalume. Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka timbewu tothira mu tiyi, Ikram akuyala makeke m'mbale.

"Lero ndi lako, Lachinayi ndi langa," anatero osandiyang'ana.

"Lachinayi kuli chiyani?"

"Amayi ake a Badr akubwera kwathu. Ndi shuga."

Madzi ankangotsikira pa manja anga. Ndinayang'ana timasamba tikuyandama m'beseni.

"Iye wavomera?"

"Sanakane. Anaphunzira kwa iwe." Ananyambita chala chake. "Usandiyang'ane choncho, mwana wa azakhali. Sindinabe kanthu ine. Iwe unamusunga mu foni ngati nyimbo. Ine ndinapita kukakanda mtanda ndi amayi ake. Komanso ukudandaula chiyani? Ukupita ku Rabat. Uzidzatiponyera mankhwala a mutu."

"Umamukonda?"

Anaima pang'ono, keke ili m'manja.

"Ndinayamba ndine kumuona, tili kusukulu. Sunandifunsepo. Sufunsa kanthu iwe."

Amayi anasuzumira pakhomo. "Tiyi, Siham! Anthu akudikira. Uwongole msana, usathire pa chovala cha munthu."

* * *

Ndinalowa ndi thireyi. Lalla Zhor anali atatulutsa pulasitiki ija mumphika wa ku Safi, ataikweza pa kuwala, akuizunguliza pang'onopang'ono. Amayi anali atagwira pamtima.

"Maluwa anayoyoka, koma imeneyo si nkhani," anatero Lalla Zhor. "Taonani muzu uwu. Ladwala, ndipo walidwazika mpaka ladzuka. Kusunga chinthu chamoyo aliyense akhoza. Kudzutsa chomwe chimafa, ameneyo ndiye mkazi. Mounir, waona?"

"Ndaona, amayi," anatero a Mounir. Anandiyang'ana n'kumwetulira mwamanyazi, kenaka n'kubwezera maso pa mawondo awo. Sanali munthu woipa. Zikanakhala zosavuta akanakhala woipa.

Ndinagwada pa tebulo n'kuyamba kuthira tiyi, tipoti ndikuikweza m'mwamba kuti thovu lichite bwino. Bambo anakonza kukhosi.

"Siham, mwana wanga, wamva chomwe adzera anthu olemekezekawa. Chipembedzo chathu chimati namwali afunsidwe, ndiye ndikukufunsa. Ndipo tonse tikudziwa kuti kukhala chete kwa namwali ndiko kuvomera kwake."

Amalume anaseka. "Ndiye uyu anavomera asanabadwe."

Onse anaseka nawo. Palibe amene ankandiyang'ana. Anangosiya kamphindi kochepa kokwaniritsira mwambo, ndipo amuna anali atayamba kale kutambasula zikhatho kuti awerenge Fatiha, pemphero lomwe likatha ndiye kuti mawu amangidwa. Ndinamva bambo akukoka mpweya.

Ndinaika tipoti pansi. Inagunda thireyi mwamphamvu, matambula onse n'kulira.

"Bambo, musawerenge."

Mawu anga anatuluka aang'ono, osasalala, ngati chitseko chomwe chakhala chosatsegulidwa. Koma anamveka. Zikhatho zinatsala m'mwamba.

"Wati chiyani?"

"Ndati musawerenge. Sindinavomere."

"Siham," amayi ananong'ona mano ali okukuta, "pita kukhitchini."

Sindinadzuke. Ndinayang'ana Lalla Zhor, chifukwa bambo sindikanatha kuwayang'ana.

"Lalla, dzanja lomwe mukulitamalo si langa. Ine ndinkafuna duwalo life. Ndinkalithirira kuti liwole, mudzalione, mundisiye. Analidzutsa ndi munthu wina. Dzina lake ndi Badr, wa ku Sidi Taibi." Ndinatembenukira kwa mwana wawo. "A Mounir, simunandilakwire chilichonse. Pepani."

Lalla Zhor anaika mphikawo pa tebulo mosamala kwambiri, n'kupukuta zala ndi kansalu. A Mounir anavula magalasi awo, n'kuwavalanso.

Bambo sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Badr ameneyo ndi mwana wa yani? Anabwerapo pakhomo pano? Anatumapo munthu?"

"Ayi. Ndinkamuletsa ndine."

"Ndiye abwera liti?"

"Sabwera. Lachinayi amayi ake akupita ndi shuga kwa amalume. Kukafunsira Ikram."

Amalume anaika tambula yawo pansi. "Kwa ine? Lachinayi liti? Ine sindikudziwa za shuga aliyense."

Mitu yonse inatembenukira kukhomo. Ikram anali ataima pomwepo ndi mbale ya makeke, zibangili zake zili zii. Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Sindinadziwe ngati anandinamiza, kapena ngati inali nkhani ya akazi yomwe inali isanafike kwa amalume. Iye sanathandize. Anangoyang'ana makeke.

"Ndimve bwino," anatero bambo, mawu awo ali pansi kwambiri. "Wanyoza alendo anga m'nyumba mwanga. Wanyoza amayi ako. Ukukana mwamuna amene wabwera pakhomo ndi makolo ake, masana, chifukwa cha wogulitsa maluwa amene mwinanso sakukufuna?"

Pamenepo ndinawayang'ana. Ndinaona kuti ndevu zawo zayera kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndiye kuti panapita nthawi yaitali ndisanakweze maso.

"Inde, bambo. Mwina sakundifuna, ndipo ali ndi chifukwa. Akatenge amene wamusankha. Koma ine ndimamukonda, ndipo ku Rabat sindipita. Mukandifunsanso mawa, ndidzakuyankhani chimodzimodzi, mokweza kuposa lero."